Lamba wa Achimwene

Kwathu kuno ku Ntcheu, m'mbali mwa Rivirivi, aliyense akudziwa kuti achimwene anga a Yotamu analandira mendulo atamwalira kale. Nkhani imeneyo inamveka patali. Imene sinamveke ndi ya zimene zinkachitika pabwalo pathu mendulo ija itafika, chifukwa pakhomopo tinalipo awiri basi, ine Sigele ndi amayi anga aNangozo, ndipo tonse awirife si anthu olankhula.

Achimwene anali msilikali. Tsiku la ngoziyo ankabwera kutchuthi, mvula ili pakati. Anatsika minibasi pasiteji n'kuyamba wapansi, ali muyunifolomu, chikwama chili kumsana. Njira yobwera kwathu imadutsa m'mbali mwa dziwe la Chitedze, pamene mtsinje umakhota, ndipo pamenepo anapeza azimayi ochapa akukuwa. Mnyamata wina wa kutsidya, dzina lake Wedisoni, wodziwika ndi kusambira, anafuna kuwoloka dziwelo madzi ali odzaza. Atafika pakati madzi anamuposa mphamvu. Achimwene anaponya chikwama pansi, anavula jombo ndi malaya, anasolola lamba m'chiuno, n'kulumphira m'madzi lambayo ali m'manja. Azimayi aja akuti anawaona atamufika mnyamatayo. Anaona mitu iwiri, kenako umodzi, kenako madzi okhaokha.

Kunyumba kunafika chikwama ndi jombo. M'chikwamamo munali shuga, sopo, chitenje cha amayi, ndi nsapato zanga zoti ndikayambire ntchito, poti ndinali nditangomaliza kukoleji ya aphunzitsi, ndikudikira kuti anditumize kusukulu.

Thupi linapezeka limodzi, patapita masiku, kumunsi m'mabango. Madzi anali atachita zawo, moti nkhope panalibe yoti munthu n'kuizindikira. Koma padzanja panali lamba wachisilikali, womangika zolimba. A malume anga a Bizaliele ndi amene anapita kukaona. Anaona lambayo, anagwedeza mutu, nkhani inathera pomwepo. Ife akazi sanatilole kuyandikira.

Maliro ake anali aakulu. Kunabwera galimoto ya asilikali, bokosi analifunditsa mbendera, lipenga linalira, ndipo mfuti zitaombedwa m'mwamba ana onse anathawira m'chimanga. Kutsidya, abale a Wedisoni anakwirira thunthu la nthochi, monga timachitira munthu akapanda kupezeka.

Amayi sanalire mokuwa. Azimayi anzawo anawamanga mpango wakuda m'chiuno, woti uwalimbitse pamaliro. Mpango wotero anthu amamasula maliro akatha, koma amayi sanamasule. Ankagona nawo, ankalima nawo. Chakudya ankangochigwiragwira. Chinawatsalira chinali chimodzi: m'mawa uliwonse ankapita kumanda ndi tsache, ndipo akabwerako ankanena mawu omwewo.

"Bola wanga wagona pouma."

Ndinkadziwa kuti mawu amenewo ndi amene ankawaimika. Tsiku limene munthu adzawalande, ndinkaganiza, amayi adzagwa osadzukanso.

M'chilimwe anatiitana kukampu kuti tikalandire mendulo. Kunali perete, dzuwa likuswa mutu, fumbi lokhalokha. Tisanakhale pansi anatipeza mnzawo wa achimwene, a Koporo Malizani, munthu wamfupi wa maso oseka.

"Ndiwe Sigele? Yotamu ankati mawu ako ndi ochepa ngati shuga wa mu tiyi wa kukampu kuno. Tayankhula ndimve ngati ankanama."

"Mwaswera bwanji," ndinatero, maso ali pansi.

"Basi, atha! Sankanama."

Amayi anatsala pang'ono kumwetulira.

Kenako mkulu wa asilikali anaima n'kuwerenga za kulimba mtima kwa achimwene, mmene anayesera kupulumutsa munthu wosamudziwa, osaganiza za moyo wawo. Anatchula dzina lawo lonse mokweza, monga amatchulira poitana msilikali pamzere. Bwalo lonse linati zii. M'katikati mwa bata limenelo ndinamva phazi likumenya pansi kamodzi, monga amachitira msilikali akaitanidwa. Koma silinali phokoso la jombo. Linali lofewa, lonyowa, ndipo linachokera kumbuyo kwathu, kunja kwa mpanda.

Ndinatembenuka. Kunalibe munthu, kupatula msilikali wa pageti, amene ankayang'ana pansi pambali pake.

Potuluka, amayi ali patsogolo ndi kabokosi ka mendulo m'manja, msilikali uja ananditchinga ndi dzanja.

"Musapondepo apo, chemwali. Dutsani uku."

Panja pa geti, pafumbi limene linali lisanaone mvula chichokereni dzinja, panali malo awiri onyowa, oyandikana, zidendene pamodzi.

Titafika kunyumba amayi anakoleka menduloyo pamsomali, pansi pa chithunzi cha achimwene, ndi kaliboni kake komwe. Jombo zija zinali kale kunsi kwa bedi la m'chipinda chawo, zopolishidwa.

Choyamba kusowa chinali kalamba ka diresi langa la kutchalitchi. Ndinaliyanika madzulo, m'mawa diresi linalipo, kalamba palibe. Kenako mbuzi tinaipeza ikudya masamba m'dimba la eni, chingwe chake chitachoka m'khosi, osati chodulidwa, koma chomasulidwa bwinobwino. Kenako chinasowa chingwe chonse choyanikira zovala.

"Ndi ana awa a masiku ano," amayi anatero. "Akupangira mipira."

Koma zinthuzo zinkabwerera. Pakapita tsiku ndinkazipeza pansi, kunsi kwa khonde, zitayalidwa mowongoka bwino ngati mmene achimwene ankayalira zovala zawo pabedi. Zinkakhala zonyowa ndi zozizira, zikununkha matope a pansi pa mtsinje. Ndinkazitola amayi asanadzuke, n'kuzichapa, osanena kanthu.

Ine ndimadzuka msanga chibadwire. M'bandakucha wina, kunja kukungoyamba kutuwa, ndinamva phokoso lija la kukampu. Phwa. Phwa. Phwa. Mapazi opanda nsapato, onyowa, akuguba pamalo amodzi, patsogolo pa khonde. Sankayandikira, sankapita. Galu wa achimwene, Zilipo, amene amauwa ngakhale nkhuku ya eni, sanauwe. Ndinkamva mchira wake ukumenya pansi, iye akulira kukhosi monga ankachitira mwini wake akatulukira panjira.

Ndinagona chagada, manja ali pachifuwa, kudikira kuti mapaziwo akwere pakhonde. Khonde lathu ndi lalifupi, mwana wokwawa amakwera. Koma sanakwere. Tambala atalira anasiya. Nditatsegula chitseko ndinapeza galu atagona mutu uli pamiyendo, maso ali kunjira ya kumtsinje.

Zinayamba kuchitika m'bandakucha uliwonse. Ndinkayang'ana nkhope ya amayi pomwa tiyi, iwo n'kumayang'ana m'kapu. Kenako ankatenga tsache.

Tsiku lina ndikuchapa chingwe cha mbuzi kachitatu, ndinakumbukira chinthu chimene ndinali nditaiwala. Achimwene atabwera kutchuthi chawo choyamba, ndinawabisira lamba m'nkhokwe tsiku lobwerera, kuti asapite. Anafunafuna nyumba yonse, buluku atagwira ndi dzanja.

"Iwe Sigele, iwe kachetechete iwe, ndikudziwa ndi iweyo! Bweretsa lamba wanga."

"Pitani choncho, achimwene. Mumange luzi."

"Luzi! Ukudziwa amene amayenda opanda lamba kukampu? Ndi amene alakwa, akupita kuselo. Choyamba amakuvula lamba ndi jombo. Msilikali wopanda lamba saima pamzere, sapereka sawatcha, salowa pakhomo la munthu. Ukufuna amayi andione ngati mkaidi?"

Tinaseka tsiku limenelo. Tsopano ndinakhala pansi pafupi ndi beseni, chingwe chili m'manja, ndikumva kuzizira dzuwa lili pamutu. Panja paja panali munthu amene ankayesa chingwe chilichonse cha pakhomo pathu m'chiuno mwake, n'kuchibweza.

Koma lamba wawo anali nawo m'bokosi. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Masana ena amayi anandituma kukatenga khasu limene anaiwala kumanda. Kumanda masana sikukhala munthu, koma pamtumbira wa achimwene ndinapeza mayi wina wachilendo atagwada, akuzula udzu ndi manja. Anali wowonda, chitenje chake chonyowa mpaka m'mawondo, kusonyeza kuti wawoloka mtsinje. Atandiona anadzidzimuka ngati wagwidwa akuba.

"Pepani, mwanangu. Ndimabwera nthawi ino kuti ndisakumane ndi eni ake."

"Ndinu ndani, mayi?"

"Ndine Nankhoma wa kutsidya. Mayi ake a Wedisoni."

Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Iwo anapitiriza kuzula udzu, akulankhula ngati akuuza dothi.

"Nthochi tinakwirira ija yaphuka. Adzukulu anaidula, yaphukanso. Ndiye anthu akuti nthochi ikukana, ikuti amene mwandiikira m'malo mwakeyo sali m'madzi." Anaponya udzu pambali. "Ndipo mwana wangayo akabwera kutulo, sabwera wonyowa. Amabwera wouma, atavala zoyera, koma wamantha. Akuti, amayi, kuno andiombera mfuti, andiimbira lipenga, ine ndalakwa chiyani? Mwana wopusa uja. Ngakhale ali moyo ankathawa apolisi asanapalamule."

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika.

"Amanenanso chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti dzanja likumupweteka. Akuti abambo aja anandimanga zolimba kuti ndisapulumuke, ndiye palibe wondimasula."

Mphepo inadutsa m'mitengo ya kumanda. Ndinayang'ana mtumbira umene amayi anga ankausesa tsiku ndi tsiku, nkhata za asilikali zitauma pamwamba pake.

"Sindikufuna kufukula munthu," aNankhoma anatero. "Sindikufuna mlandu, ndilibe mawu pamaso pa anthu amene mwana wawo anafera wanga. Ndingofuna ndizizula udzu. Musawauze amayi anu. Mayi mnzanga uja watsala ndi dothi lokhali."

Mlungu womwewo a malume a Bizaliele anafika ndi ngolo ya njerwa ndi matumba a simenti. Anati mvula isanagwe timange chiliza, palembedwe dzina la achimwene ndi udindo wawo, ndi mawu a pamendulo paja. Ndinawapeza okha kuseri kwa nyumba akutsitsa njerwa.

"A malume, tsiku lija kumabango, munaona chiyani?"

"Funso lanji limenelo? Ndinaona mphwanga."

"Munawazindikira ndi chiyani?"

"Ndi lamba! Anthu wamba amavala lamba wotero?"

"Anali m'chiuno?"

Anaima njerwa ili m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana kuchitseko.

"Iwe, boma linabwera pano ndi mbendera. Mfuti zinalira mudzi wonse ukumva. Ukufuna ndikauze ndani kuti chiyani? Ukufuna kupha mayi ako?" Anaponya njerwayo pamulu. "Loweruka tikumanga. Pita ukaphike."

Ndinapita kukaphika. Koma ndinkadziwa kuti simenti ikauma, dzina la achimwene lidzakhala pamwamba pa mwana wa eni mpaka kalekale, ndipo iwo adzakhala akuguba panja pathu opanda wowatsegulira.

Lachisanu m'mawa tinapeza mendulo ili pansi. Msomali unalipo, chithunzi chinalipo, koma kaliboni kake kunalibe. Pansi pa zenera panali madontho a madzi, ngati dzanja linalowa n'kutuluka. Amayi anaitola menduloyo, anaipukuta ndi chitenje, n'kuyang'ana pamsomali nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanatchule za ana opanga mipira. Sanatengenso tsache.

Madzulo, dzuwa likulowa, ndinawapeza pamkeka, menduloyo ili pamiyendo pawo. Ndinakhala pambali pawo.

"Amayi, kumanda ndinakumana ndi mayi ake a mnyamata uja."

Ndinawauza zonse, za nthochi, za dzanja, za zingwe zimene ndinkachapa mobisa. Mawu ankatuluka mong'ambika, koma ndinamaliza. Kenako ndinadikira kuti agwe.

"Umayesa ine ndimagona?" anatero.

Ndinawayang'ana.

"Mapazi amenewo ndinawaphunzitsa kuyenda ndine. Lakumanzere amaliponda mokoka, kuyambira pamene anagwa mumtengo wa mango. Ndinawadziwa tsiku loyamba." Anapukusa menduloyo m'manja. "Koma ndikanati ndimutsegulire, ndiye kuti ndavomera kuti miyezi yonseyi mwana wanga wakhala m'madzi ozizira, ine ndikusesa pa mwana wa eni. Ndinkati, ngati ndi iyeyo alowe yekha, kwawo ndi kuno, chitseko sinditseka ndi mpiringidzo. Koma salowa. Ndiye ndinkati wandikwiyira."

"Sanakwiye, amayi. Alibe lamba."

"Alibe chiyani?"

"Lamba ndi jombo. Anandiuza okha. Akuti msilikali wopanda lamba amaoneka ngati mkaidi, salowa pakhomo la munthu. Safuna muwaone choncho."

Amayi anatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinaganiza kuti akulira, koma poyamba kunali kuseka, kuseka kowawa kotuluka m'mphuno.

"Manyazi! Mwana ndinamusambitsa ndekha ameneyu, akundichitira manyazi ine!" Kenako kulira kunabwera, kulira konse kumene sanalire pamaliro. Ndinawagwira mpaka kunja kunada.

Loweruka tinadzuka mapazi aja asanafike. Amayi anatulutsa jombo kunsi kwa bedi n'kundipatsa kuti ndinyamule. Tili panjira anandiuza malamulo ake.

"Pobwera usacheuke. Munthu akatipatsa moni, usayankhe. Ukayankha, iye atsala pomwepo."

Dziwe la Chitedze m'chilimwe limakhala laling'ono, lobiriwira, lopanda phokoso. Nkhungu inali itagona pamwamba pake. Achule analipo, koma titafika onse anasiya kulira nthawi imodzi. Amayi anaika jombo pamwala umene achimwene anazivulira, zala zake zitaloza kumudzi. Kenako anaika manja m'chiuno n'kuyamba kumasula mpango wakuda uja. Mfundo yake inali italimba ndi miyezi, anachita kuimasula ndi mano. Anaupinda motalika n'kuuyala pamwamba pa jombozo.

"Yotamu," anaitana, osakweza mawu. "Ndine mayi ako. Lamba wako anapita ndi mnzako uja, usamufunenso, wagwira ntchito yake. Munthu unamutulutsa, wagona pouma, mayi ake akumuona. Lamba ndi uyu. Wandilimbitsa ine, akulimbitsanso iwe. Vala tizipita. Shuga wako tinalandira."

Madzi sanagwedezeke. Koma kamphepo kozizira kanatuluka padziwepo n'kutikhudza m'miyendo, ndipo fungo la matope lija linadzaza ponseponse. Amayi anatembenuka, ine ndinatembenuka nawo.

Tinayenda pang'ono popanda chomveka. Kenako kumbuyo kwathu mwala unagubuduka. Ndiye kunayamba: gu, gu, gu. Jombo. Zolemera, zosathamanga, phazi lakumanzere likukoka pang'ono. Tikachepetsa liwiro, nazo zinkachepetsa. Khosi langa linkafuna kutembenuka lokha, moti ndinagwira chitenje cha amayi ngati kamwana, maso ali pazidendene zawo.

Pafupi ndi mudzi tinakumana ndi a malume, akukankha wilibala ya mchenga kupita kumanda.

"Achemwali, mwadzuka bwanji? M'mawa uno mukuchokera kuti?"

Sitinayankhe.

"Iwe Sigele, wagontha? Ndikulankhula ndi..."

Mawu anawathera. Maso awo anadutsa ife n'kuima kumbuyo kwathu, pamwamba pang'ono pa mutu wanga. Sindikudziwa chimene anaona, ndipo mpaka lero sananenepo. Anasiya wilibala, anapatuka kulowa m'udzu, n'kuvula chipewa.

Titafika pakhomo amayi anakwera pakhonde, anatsegula chitseko chonse, n'kuima pambali atayang'ana khoma. Ine ndinaima nawo. Zilipo anabwera akukwawa ndi mimba, mchira ukusesa fumbi.

"Lowa," amayi anatero. "Wafika."

Jombo zinaima kunsi kwa khonde, pamalo paja. Zinakhala pamenepo nthawi yoti ine n'kuyamba kuopa kuti mpango wakanidwa. Kenako imodzi inakwera, inzake inatsatira. Chinachake chozizira chinadutsa pakati pa ine ndi amayi. M'kati, pabalaza, pansi pa chithunzi, phazi linamenya pansi kamodzi, mwamphamvu, mpaka makapu analira m'kabati.

Kenako kunati zii.

Chiliza chinamangidwa mlungu wotsatira, koma amayi anakana kuti palembedwe dzina, ndipo a malume sanatsutse. Anandituma kutsidya kukaitana aNankhoma. Masiku ano amasesa awiri, m'mawa, osabisala, ndipo amayi anayambanso kudya. Mendulo ili pawindo, yopanda liboni. Jombo ndi mpango sitinazionenso, ngakhale azimayi ochapa anafika pamwala paja dzuwa litangotuluka.

Ine ndinakhalabe pakhomo mpaka mvula yoyamba, pamene ananditumiza kusukulu ya kutali. Masiku onsewo ndinkadzukabe m'bandakucha, n'kumvetsera. Ndinkamva tambala, ndinkamva amayi akupuma m'chipinda mwawo. Miyezi yonse ija ndinkaopa mapazi aja, osazindikira kuti inali nthawi yokhayo patsiku imene pakhomo pathu tinkakhalanso atatu.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, ndinatenga kalamba ka diresi langa la kutchalitchi n'kukasiya dala pamphepete pa khonde, pamene munthu woima pansi angafikire.

M'mawa ndinakapeza pomwepo, kouma.